Intune, Google, ManageEngine, Knox kapena seva yanuyanu: kusamala mafoni a kampani muli ku Chipata

Nyengo yogula mbewu ikafika, kampani imene ndimagwirako ntchito kuno ku Chipata imamwaza ogula ndi alangizi ake m'misika ya ku Chadiza, Vubwi, Katete, Lundazi ndi Petauke, ndipo aliyense amanyamula foni ya kampani yolembamo mayina a alimi, manambala a NRC (chitupa cha unzika), makilo a soya, nshawa ndi mpendadzuwa, komanso ndalama zimene mlimi aliyense walipidwa. Udindo wosamala mafoni amenewa, pamodzi ndi malaputopu a mu ofesi, uli pa ine. Anzanga ogwira ntchito ngati yangayi m'mabungwe othandiza anthu, m'makampani obwereketsa ndalama ndi m'masukulu akhala akundifunsa kuti asankhe iti mwa mapulogalamu a MDM (Mobile Device Management), amene amatheketsa munthu kulamulira ndi kuteteza zipangizo za antchito iye ali kutali. Amene ndikuwadziwa bwino ndi asanu: Microsoft Intune, dongosolo loyang'anira zipangizo la mu Google Workspace, ManageEngine Mobile Device Manager Plus, Samsung Knox, ndi Headwind MDM imene munthu amaika pa seva yakeyake.

Ndisanawaike pa sikelo, ndifotokoze chimene chinasintha kaganizidwe kanga. Chaka china m'mwezi wa June, wogula wathu wina anagwetsa foni ali pa njinga yamoto pochokera kumsika wa kumudzi kupitirira Chadiza. Anandiimbira dzuwa litalowa pa foni ya mnzake, mawu akunjenjemera, ndipo ine nthawi yomweyo ndinatsegula laputopu n'kutumiza lamulo loti zonse za m'foniyo zifufutidwe. Pa kompyuta panangolembedwa kuti lamulolo likudikira. Linadikira usiku wonse, linadikira mlungu wonse, ndipo silinafike konse, chifukwa wotola foniyo anachotsa SIM kapena anaizimitsa, ndipo foni yosalumikizidwa ku intaneti simva lamulo la munthu aliyense. Chimene chinateteza mayina a alimi athu ndi PIN ya manambala 6 imene tinaumiriza pa tsiku lolembetsa foniyo, ndiponso kubisika kwa zosungidwa mkati mwake, kumene mafoni a Android amakono amabwera nako. Akuluakulu amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Pa ntchito yathuyi, wa pamphuno ndi malamulo amene alowa kale m'foni isanachoke mu ofesi, ndipo batani lofufutira patali, limene ogulitsa mapulogalamu onse amalionetsa poyamba, ndi wa pachala. Muyeso wanga pa mapulogalamu asanuwa wagona pamenepo.

Nkhaniyi ili ndi mbali ya lamulo imene bwana aliyense ayenera kuimva asanadandaule za mtengo. Lamulo la Data Protection Act No. 3 la 2021 limaika pa kampani udindo woteteza zinsinsi za anthu zimene yasonkhanitsa, ndipo zikabedwa kapena kuululika, ofesi ya Data Protection Commissioner iyenera kudziwitsidwa pasanathe maola 24. Lamulo lomweli limanenanso zosunga mbiri za anthu pa seva za muno mu Zambia, kupatula pamene pali chilolezo china. Foni imodzi ya wogula imatha kukhala ndi ma NRC a midzi ingapo, choncho kutayika kwake si nkhani ya mtengo wa foni yokha.

Pa mafoni a Android, amene ndiwo ali ponseponse kuno, Intune, Google, ManageEngine ndi Knox onse amayenda pa maziko amodzi otchedwa Android Enterprise, ndipo kusiyana kwawo n'kocheperapo kuposa mmene timabuku ta malonda timanenera. Maziko amenewa ali ndi njira zitatu zikuluzikulu. Yoyamba ndi work profile, imene imatsegula chipinda cha ntchito m'foni ya mwiniwake: kampani imalamulira za m'chipindamo zokha, sitha kuona zithunzi kapena mauthenga a mwini foni, ndipo munthu akasiya ntchito chipindacho ndicho chimafufutidwa. Yachiwiri ndi ya foni ya kampani yolamulidwa yonse. Yachitatu ndi ya foni ya ntchito imodzi, imene ambiri timaitcha kiosk, pamene wogula akayatsa foni amangoona pulogalamu yogulira mbewu, kamera ndi poimbira, basi. Funso loyamba kulifunsa ndi loti foni ndi ya yani komanso igwira ntchito yanji, chifukwa yankho lake limachotsa mapulogalamu ena pa mpikisano musanayambe n'komwe kuwerenga mitengo.

Funso lachiwiri ndi la mafoni enieni amene muli nawo m'kabati. M'masitolo a m'tauni muno muli Tecno, Itel, Infinix ndi Samsung za mtundu wa Galaxy A, ndipo zambiri mwa zotsika mtengo kwambiri zimayendera Android Go, mtundu wopepuka wa Android wopangidwira mafoni a mphamvu zochepa. Mafoni ambiri a Android Go salola work profile, ngakhale amalola kulamulidwa onse kapena kuikidwa pa kiosk. Mafoni atsopano a Huawei, amene kuyambira 2019 amabwera opanda mapulogalamu a Google, salowa mu Android Enterprise. Palinso chizolowezi cha mafoni ena otsika mtengo chozimitsa mapulogalamu ogwira ntchito kumbuyo pofuna kusunga batire, ndipo chikazimitsidwa ndi chothandizira cha MDM, foniyo imasowa pa mndandanda wanu ngakhale ili pamalo a netiweki yabwino. Amene wagula mafoni kaye n'kuyamba kufunafuna MDM pambuyo pake nthawi zambiri amadzadandaula.

Intune ndiyo yamphamvu pa zonse ngati ofesi yanu ili kale pa Microsoft 365. Imabwera mkati mwa laisensi ya Business Premium, imene ndi ya makampani a antchito osapitirira 300, ndipo imagwira Windows, Android, iPhone ndi Mac pa tsamba limodzi. Pa malaputopu palibe mwa enawa amene amafika pamene iyo imafika. Imaumiriza BitLocker, chida cha Windows chobisa zonse zosungidwa m'kompyuta, n'kusunga kiyi yotsegulira, kotero kuti laputopu ya akauntanti ikabedwa m'basi ya ku Lusaka, wakubayo amatsala ndi chitsulo chokha. Imalamulira nthawi yoika zosintha za Windows, zimene zakhala nkhani yaikulu chifukwa Windows 10 inasiya kulandira chithandizo pa 14 October 2025. Mogwirizana ndi Entra ID, kaundula wa Microsoft wa maakaunti a antchito amene kale ankatchedwa Azure Active Directory, imatha kukaniza foni kapena kompyuta yosatsatira malamulo kutsegula imelo ya kampani. Chimene ndimachiyamikira kwambiri ndi njira yake yotetezera Outlook ndi Teams pa foni ya mwiniwake popanda kulembetsa foni yonse: pulogalamu ya ntchito imafuna PIN yakeyake, ndipo kukopera zolembedwa kuchoka mu Outlook kupita ku WhatsApp kumatsekedwa. Kwa mamanejala amene safuna kuti wa IT akhudze foni zawo, njira imeneyi imathetsa mkangano.

Zolemera za Intune ndi zitatu. Choyamba, laisensi yake imawerengedwa pa munthu, ndipo munthu mmodzi angalembetse zipangizo mpaka 15. Zimenezi n'zabwino kwa bwana wa laputopu, foni ndi tabuleti, koma sizigwirizana ndi ogula a nyengo amene amalembedwa ntchito mu May n'kuchoka mu September, alibe imelo ya kampani, ndipo amasinthana foni imodzi. Pa mafoni otere pali laisensi ina ya pa chipangizo, imene muyenera kuifunsa mwachindunji kwa wogulitsa. Chachiwiri, malaputopu ambiri ogulidwa m'masitolo amabwera ndi Windows Home, imene silowa mokwanira mu Entra ID ndipo ilibe BitLocker yathunthu, choncho pamafunika ndalama ina yokwezera ku Pro. Chachitatu, Intune imafuna munthu woiphunzira mofatsa. Malamulo ake ali m'malo ambiri, ndipo chipangizo chimene sichinalandire uthenga wodzutsa chimadzafunsa zatsopano pakapita pafupifupi maola 8, zimene zimasokoneza woyamba kumene, amene amasintha lamulo kawiri katatu poganiza kuti loyamba silinagwire. Kampani imene wa IT wake ndi yemwenso amakonza printa ndi jenereta iganize kawiri.

Google Workspace ili mbali inayo ya sikelo. Ngati imelo yanu ili pa Gmail ya kampani, chitetezo choyambira muli nacho kale popanda kuika kanthu m'foni: mungaumirize kuti foni ikhale ndi loko, mungaone zipangizo zonse zimene zatsegula akaunti ya ntchito, ndipo mungachotse akauntiyo patali. Kuti mufike pa work profile, pa kusankha mapulogalamu ololedwa ndi pa kufufuta foni yonse, pamafunika ulamuliro wapamwamba umene umayambira pa laisensi ya Business Plus. Kuphweka kwake n'kosakayikitsa, ndipo munthu wozolowera Admin console, tsamba loyang'anirapo maakaunti a Google Workspace, amamaliza tsiku limodzi zimene pa Intune zingamutengere mlungu. Koma Google imamanga foni iliyonse ku akaunti ya munthu, ndipo sinapangidwire mafoni a kiosk osinthana manja. Pa malaputopu a Windows imachita zochepa poyerekeza ndi Intune. Kwa sukulu kapena bungwe la antchito okhazikika amene amagwiritsa ntchito foni zawozawo, ndimati yakwana, ndipo kugula china n'kutaya ndalama. Kwa ogula mbewu a m'midzi sindiilimbikitsa. Pakati pa Intune ndi Google, chimene chimagamula ndi kumene imelo yanu ili kale, ndipo kusamutsa imelo ya kampani yonse chifukwa cha MDM yokha sindinaonepo kuti kunapindula. Mabungwe olembetsedwa osachita malonda afunse mitengo yawo yapadera, chifukwa Microsoft ndi Google onse ali nayo.

ManageEngine, ya kampani ya Zoho ya ku India, ndiyo imene ndimatchula kawirikawiri kwa makampani ang'onoang'ono a kuno, pa zifukwa ziwiri. Imawerengera pa chipangizo, osati pa munthu, ndipo mtundu wake waulere umalola zipangizo mpaka 25. Kampani yonyamula katundu ya madalaivala 15, kapena kiliniki ya matabuleti 10, ingayambe popanda kutulutsa dola imodzi, chinthu chofunika kwambiri pamene laisensi zonsezi zimalipidwa m'madola ndipo bajeti yathu ili m'makwacha. Kiosk yake ndi yosavuta kukonza, imaonetsa pamene foni ili, ndipo pa mafoni ambiri imalola kuona sikirini ya wantchito patali kuti mumuthandize. Amene anayesapo kufotokozera munthu ali ku Lundazi, mtunda wa makilomita pafupifupi 180, kumene batani lina lili, uku alimi ali pamzere ndi matumba awo, adziwa phindu la zimenezi. Ingathenso kuikidwa pa seva ya mu ofesi m'malo mwa seva za kunja, zimene zimathandiza pa nkhani ya lamulo losunga mbiri muno m'dziko. Kufooka kwake kuli pa malaputopu, pakuti ntchito yaikulu yoika zosintha ndi mapulogalamu pa Windows ili mu chida chawo china chotchedwa Endpoint Central, komanso simangika ku imelo ndi akaunti za antchito molimba ngati Intune.

Samsung Knox ili ndi chinthu chimodzi chimene chimayankha mwachindunji vuto la foni yotayika ija. Knox Mobile Enrollment, imene ndi yaulere, imalemba IMEI, nambala yozindikiritsa foni iliyonse payokha, pansi pa kampani yanu, kotero kuti ngakhale munthu atafufuta foniyo n'kuiyambitsanso, ikangogwira intaneti imabwerera yokha mu ulamuliro wanu. Foni yotere ilibe msika kwa wakuba. Ubwino wina ndi woti simukakamizidwa kugula Knox Manage, imene ndi MDM ya Samsung yolipira, chifukwa kulembetsaku kumagwiranso ndi Intune kapena ManageEngine. Google ili ndi njira yofanana yotchedwa zero-touch ya mafoni a makampani ena, koma imafuna kuti foni igulidwe kwa wogulitsa wovomerezeka amene amailowetsa m'kaundula, ndipo foni yogula pa kauntala m'tauni silowa. Ku Samsung, mafoni ogula kale angawonjezedwe ndi manja kudzera mu Knox Deployment App. Malire ake ndi odziwikiratu: zabwino zimenezi ndi za mafoni a Samsung okha, ndipo mtengo wa Galaxy umaposa wa Itel. Komabe poyerekeza, muikemo mtengo wa mafoni amene amasowa nyengo iliyonse, chifukwa foni imene aliyense akudziwa kuti singagulitsidwe sisowa kawirikawiri.

Headwind MDM ndiikambe mwachidule. Ndi pulogalamu ya gwero lotseguka (imene aliyense angaone mkati mwake n'kuisintha) ya Android yokha, imaikidwa pa seva ya Ubuntu, sidalira mapulogalamu a Google, ndipo zonse zimakhala m'manja mwanu, ngakhale zina zofunika monga kiosk zili mu mtundu wolipira. Imakopa munthu wodziwa maseva. Koma amene anakhala muno mu 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo malaiti ankathima maola ambiri patsiku, akudziwa chimene chimachitikira seva ya mu ofesi. Ikazima, mafoni onse amakhala opanda wowalamulira, ndipo chenjezo lomweli likukhudzanso ManageEngine yoikidwa mu ofesi. Wopanda sola yodalirika, intaneti yachiwiri ndi munthu wina wodziwa kuikonza iye akadwala, abwereke seva ku malo osungira maseva a muno mu Zambia kapena aisiye.

Pali zinthu zimene palibe mwa asanuwa amene angakuchitireni. SIM ili kunja kwa ulamuliro wa MDM, ndipo ngati pa SIM imeneyo pali mobile money yolipirira alimi, wotola foni amangoichotsa n'kuika mu ina. Ikani PIN pa SIM iliyonse, ndipo sungani mu ofesi mndandanda wa manambala ndi dzina limene SIM iliyonse inalembetsedwa, kuti muthe kuimbira MTN, Airtel kapena Zamtel kuti aitseke usiku womwewo. Zolembedwa zimene wogula wasunga m'foni osazitumiza, monga mafomu odikira netiweki a m'mapulogalamu otolera mbiri a ODK Collect kapena KoboCollect, zimapita pamodzi ndi foniyo, choncho lamulo loti munthu atumize madzulo alionse akafika pa netiweki ndi lofunika ngati PIN. Bandulo nayonso imafuna diso. MDM yokha sidya data yambiri, koma zosintha za mapulogalamu zimadya, ndipo mukaiwala kulamula kuti zizitsika pa Wi-Fi yokha, bandulo ya mwezi imatha masiku ochepa. Kwa ogwira ntchito kufupi ndi malire, ku Mwami, ku Vubwi kapena ku Chanida, tsekani data roaming, chifukwa foni imatha kudumphira pa netiweki ya tsidya lina n'kumaliza thokotaimu munthu osadziwa.

Nkhani yoona pamene foni ili ndimaitenga mosamala kwambiri. Mphamvu imeneyi ilipo m'mapulogalamu ambiri, ndipo mabwana ena akangoiona amafuna kudziwa kumene wantchito wagona. Ife tinalemba pa pepala, m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, zimene kampani imaona ndi zimene siona, nthawi imene malo amalembedwa, ndi amene ali ndi chilolezo choyang'ana, ndipo aliyense amawerenga n'kusaina asanalandire foni. Mayi wina wogula mbewu, wachikulire kuposa ine, anandifunsa pa tsiku limenelo kuti, "Nanga mwana wanga akadwala usiku, ndingaimbire pa foni imeneyi?" Funso lawo linatichititsa kusiya poimbira potsegula pa kiosk. Wantchito amene akuona kuti foni ndi kazitape amaizimitsa n'kuisiya m'chikwama, kenako amalemba mayina a alimi m'kope ndi kujambula ma NRC ndi foni yake, ndipo pamenepo chitetezo chonse chimene munalipira chatha.

Kwathu tinagawa pawiri. Malaputopu ndi mafoni a mu ofesi ali pa Intune chifukwa Business Premium tinali nayo kale, ndipo mafoni a mamanejala amangotetezedwa pa Outlook ndi Teams. Mafoni a kumunda ali pa ManageEngine ngati kiosk, ndipo akamatha timawasintha pang'onopang'ono ndi a Samsung olembedwa mu Knox Mobile Enrollment. Kuyang'anira masamba awiri kumatopetsa, ndipo kampani imene zipangizo zake zili za mtundu umodzi isatengere ife. Ya antchito a mu ofesi okhaokha isankhe Intune kapena Google malinga ndi imelo yake, ndipo ya mafoni a kumunda osapitirira 25 iyambe ndi ManageEngine yaulere.

Chilichonse chimene mwasankha, chiyeseni kumene chikagwire ntchito, osati pa Wi-Fi ya mu ofesi. Intune, Google Workspace, ManageEngine ndi Knox Manage onse amapereka masiku oyesera. Tengani mafoni awiri a mtundu weniweni umene antchito anu amanyamula, muwafufute, mugogode ka 6 pa sikirini yoyamba ija yolonjera kuti kamera ya QR code itseguke, muwalembetse, ndipo muwapereke kwa munthu wopita ku Vubwi kapena ku Chasefu kwa mlungu wathunthu. Ali komweko mutumize lamulo lotseka foni imodzi n'kulemba nthawi imene lafika. Akabwerera, yang'anani kuti foni iliyonse inalankhula ndi seva kangati, inadya data yochuluka bwanji, batire inkafika madzulo kapena ayi, ndiponso ngati munthuyo anapeza njira yotulukira mu kiosk. Pomaliza, chotsani SIM, muzimitse Wi-Fi, muyese kufufuta foniyo ndi mabatani a m'mbali monga angachitire wokonza mafoni wa pa msika wa Kapata, ndipo muone chimene ikufunsa ikayaka.